Kopa akauma gwa, musamutaye

Pa benchi yanga pano pa Nchalo pali chitini chakale cha mkaka wa ufa chodzaza mawasha a kopa, timphete ta mkuwa totsekera pa mabawuti kuti pasadonthe, amene anthu ena anataya. Ena ndi a mainjekita a injini za chigayo, ena ndi a bawuti yotulutsira oyilo pa njinga zamoto za kabaza, ena anachokera ku mapaipi a dizilo a mathirakitala okoka nzimbe. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito amadziwa kuti akamasesa madzulo, kanthu kalikonse kofiirira kopezeka m'zinyalala kamalowa m'chitinimo. Ambiri mwa mawashawo sanathe ntchito ayi. Angouma chabe.

Makaniko aliyense amadziwa mmene zimakhalira. Wamasula paipi ya dizilo, watsuka, wabwezera ndi washa yemwe uja, walimbitsa. Injini ikangolira, dizilo akuyamba kutuluka thukuta m'mbali mwa bawuti. Umawonjezera mphamvu pa sipanala, koma kudontha kuli pompo. Ukachita nkhanza umapha mathiredi, ndiye ntchito yaing'ono yasanduka ulendo wokwera mapiri a Thabwa kukafuna sipeya ku Limbe. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, magetsi atayamba kuvuta, majenereta ndi injini za dizilo zimene zinkangochita dzimbiri m'makonde zinadzukanso, ndipo vuto limene linkabwera pano kawirikawiri linali lomweli la kudontha.

Washa wa kopa amatseka chifukwa ndi wofewa. Ukamalimbitsa, amaphwatalala n'kulowa m'timizere tonse tosaoneka ndi maso timene tili pa zitsulo ziwirizo. Koma kopa ali ndi khalidwe lake: ukamufinya, ukamupinda kapena kumumenya ndi nyundo, amayamba kuuma. Tengani waya wa kopa mupinde uku ndi uku pamalo amodzi. Poyamba akumvera, kenako akuyamba kukana, pamapeto pake wathyoka. M'kati mwake chitsulocho ndi timibulu ting'onoting'ono tolumikizana. Kufinya kuja kumatipotola n'kutipanikiza mpaka kusowa poti tisunthire. Koma ukamuwotcha, moto ukafika pa mlingo wake, timibulu tatsopano timamera m'malo mwa topotoka tija, ndipo kufewa kumabwerera. Anthu a ku Ngabu amawadziwa makande mmene amakhalira mu Okutobala, gwa, ming'alu yolowa dzanja, khasu likungodumpha, koma mvula ikagwa dothi lomwelo n'kumamatira ku mapazi. Kopa ndi choncho, kungoti mvula yake ndi moto.

Nzeru imeneyi sindinaitenge kusukulu ya ntchito zamanja. Ndinaiona ku Joni, pa famu ina ya ng'ombe ndi nyama zakutchire m'chigawo cha Limpopo, kumene ndinkakonza mapampu a pazitsime ndi mathirakitala. Mwini famuyo anali mlenje wa chiphaso, ndipo kumeneko lamulo limalola munthu wa chiphaso cha mfuti kudzazanso makoko a zipolopolo amene waombera kale. Anali ndi kachipinda kuseri kwa galaja kamene kiyi wake sankachoka pa lamba. Za onga ndi miyeso yake sankalola wantchito aliyense kuyandikira, ndipo inenso sindinkazifuna n'komwe. Koma likafika tsiku lowotcha makoko opanda kanthu, otsukatsuka, ankandiitana, poti ankadziwa kuti manja anga anazolowera moto wa gasi.

Mfuti imene ankaikonda inali .308 Winchester. Khoko lake lili ndi tsinde lokhuthala, thunthu, kenako phewa, n'kuthera ndi kakhosi kopyapyala kogwira chipolopolo. Bulasi wake ndi wosakaniza: pa magawo 100 alionse, 70 ndi kopa, 30 ndi zinki. Mfuti ikalira, mphamvu ya m'kati mwa kakhokoko imatha kufika cha m'ma baa 4,000, pamene tayala la galimoto yaing'ono timalipopa mabaa awiri ndi pang'ono. Khokolo limafufuma n'kukanirira ku zipupa za mfuti, kutsekereza mpweya wamoto kuti usabwerere kumaso kwa woombera. Pofuna kuligwiritsanso ntchito amalifinya m'chikombole chachitsulo kuti libwerere mwakale. Kufufuma, kufinyidwa, kufufuma, kufinyidwa. Khosi ndilo limayamba kuuma, ndipo tsiku lina limangong'ambika chotsika. Lisanang'ambike n'komwe limakhala litasiya kale kugwira chipolopolo mofanana ndi anzake, ndiye mlenje uja ankati zipolopolo zimayamba kumwazika pa chandamale.

Ankazimitsa nyale kusiya kakuwala pang'ono chabe. Khoko ankaliika m'kasoketi komangirira ku dirilo kuti lizizungulira, lawi la buluu likulunjika pa khosi ndi phewa basi. Masekondi ochepa, n'kuligwetsera m'mbale, lina lilowe. Pa makoko oyesera ankapakapo kapenti kotchedwa Tempilaq kamene kamasungunuka kakafika pa madigiri 750 a Fahrenheit, amene ndi pafupifupi 400 pa muyeso wathu wa Celsius. Kapenti kakangoti nyau, nthawi yake ndi imeneyo. Khoko lowotchedwa bwino limatsala ndi mkombero wa mtundu wobiriwirako wonga wa utawaleza pansi pa phewa. Pa zipolopolo zambiri za asilikali mkombero umenewo umaoneka, chifukwa sawupukuta akachoka nazo ku fakitale. Masiku ano a ndalama zawo amagula makina a magetsi opanda lawi, ena ochokera ku New Zealand, koma ntchito yake ndi yomweyo.

Chimene chinandikhala kwambiri si kufewetsako. Ndi malo amene moto sunkayenera kufikako. Tsinde la khoko liyenera kukhala louma monga linachokera ku fakitale, chifukwa ndilo limasenza mphamvu yonse ija. Likafewa limatha kuphulikira m'mfuti. Khoko lililonse limene bwana uja wakayikira kuti kutentha kwatsikira kumunsi ankaliphwanya ndi pulayala pomwepo, lisasokonezeke ndi anzake. Ena amaimika makoko m'thireyi ya madzi ofika theka kuti tsinde lisamve moto. Kanthu kamodzi kosapitirira kutalika kwa chala, mutu wofewa, tsinde louma. Kuyambira pamenepo ndinasiya kuona kuwotcha chitsulo ngati nkhani yongochifiiritsa chonse.

Nditabwerera kumudzi, munthu woyamba kutsutsana nane anali atsibweni anga, amene asula makasu, nkhwangwa ndi zikwanje moyo wawo wonse. Chipala chawo chili pansi pa mtengo wa bwemba, ndipo zikwanje zawo, zosulidwa ku masipuling'i a magalimoto, amazidziwa odula nzimbe ambiri. Ife Amang'anja za kusula sitinaphunzire dzulo; David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859 anapeza makolo athu akuyenga chitsulo chawo n'kumasula makasu. Ndiye mungathe kuona kuti kukawauza madala oterewo zachilendo za moto ndi chitsulo si nkhani yapafupi.

Ndinatenga washa, kumufiiritsa pa makala awo, n'kumuponya m'chitini cha madzi, tswii. Iwo anangopukusa mutu.

"Mphwanga, chitsulo chamoto ukachiviika m'madzi chimalimba. Zimenezo agogo ako anandionetsa iwe usanabadwe. Ndiye ukuti wachifewetsa?"

"Atsibweni, landirani mupinde nokha."

Anamugwira ndi zala ziwiri, washa uja n'kungopindika osalimbalimba. Anatenga wina wosawotcha, anayesa, anakana. Anakhala chete nthawi ndithu, kenako anati ndiwapatse wachitatu awotche okha, mwina pali chimene ndabisa. Uyo anamusiya kuti azizire yekha pa mwala osamuika m'madzi. Nayenso anafewa chimodzimodzi.

Iwo sankanama. Chitsulo cha sipuling'i chili ndi kaboni, ndipo ukachiziziritsa mwadzidzidzi kaboniyo amatsekeredwa m'kati, chitsulo n'kuuma mpaka tupa kuterereka. Kopa ndi bulasi wa mtundu wa makoko uja alibe zimenezo. Palibe madzi, oyilo kapena mchere umene ungawalimbitse; chowalimbitsa ndi nyundo ndi kupinda basi. Madzi ndimawagwiritsa ntchito pa zifukwa ziwiri zokha: ndisadikire kuti washa azizire, komanso amathothola timakoko takuda timene moto umasiya pamwamba. Pali kusiyana kwinanso kumene atsibweni anakumva msanga kuposa ine. Chitsulo amachimenya chili psuu. Bulasi ndimamumenya atazizira, akayamba kuuma n'kumubwezera pamoto, n'kumumenyanso atazizira. Bulasi wina ukamugogoda ali wamoto amangonyenyeka.

Mmene ndimachitira ndi mawasha mulibe matsenga. Ndimayamba ndawatsuka ndi petulo n'kuwasiya aume, poti oyilo wotsalira amapserera n'kusiya litsiro. Ndimawakoloweka pa kawaya kachitsulo, osati kuwagwira ndi pulayala, chifukwa pulayala imaba kutentha ndipo pamene yagwirapo pamatsala pouma. Kenako ndimalowa m'kati mwa shedi. Dzuwa la kuno silichita chibwana. Mu Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo panja masana simungaone kufiira kwa chitsulo mpaka mutachipitiriza kale. Mumdima pang'ono kopa akayamba kuoneka wofiira mozimiririka, pamenepo ndi pokwanira. Kopa amasungunuka pa madigiri 1,085, ndiye pali mpata ndithu, koma washa ndi kanthu kopyapyala, pa moto wa gasi wowotcherera amatha kukhala kadontho munthu ukuphethira. Mbaula ya makala a tsanya imagwira bwino ntchito imeneyi kuposa gasi, bola kukupizira pang'ono.

Akazizira ndimamuviika m'madzi a bwemba othira kamchere. Viniga kapena mandimu amachitanso chimodzimodzi, koma bwemba kuno ndi wongotola. Pakapita kanthawi washa amatuluka wofiirira ngati watsopano. Ndimamutsukuluza ndi madzi abwino, n'kumupukuta pa sandipepa wosalala woyalidwa pa galasi, uku ndi uku, kuti mizere yakale ichoke. Basi, wabwerera pa ntchito.

Si onse opulumuka. Washa amene wadindidwa mzere wakuya, kapena waphwatalala mpaka kupyapyala, ndimamuika mulu wa sikirapu. Ndipo pa washa wokhala pansi pa nozo ya injekita ndimasamala kwambiri, chifukwa kukhuthala kwake ndiko kumalamula mmene nsonga ya nozo ilowere m'silinda. Pa injini zakale za chigayo za silinda imodzi zimapirira. Pa magalimoto a masiku ano a dizilo oyendera kompyuta ndimamuuza mwini wake kuti agule atsopano, ndipo ngati sakufuna apite kwina. Pamenepa sindinyengerera munthu.

Phunziro la tsinde la khoko lija ndimaligwiritsa ntchito pa mapaipi. Paipi ya kopa yakale ukafuna kuitambasula kukamwa kuti igwirane ndi nati, imang'ambika ngati sunaifewetse. Koma ukaifiiritsa yonse, imakhala lende, ndipo pa injini yonjenjemera imayamba kupindika pamene sukufuna. Ndiye ndimakulunga chiguduli chonyowa kusiya kansonga kokha, n'kuwotcha pamenepo. Gasiketi ya kopa ya mutu wa injini, imene imapezekabe pa injini zina zakale, ndi nkhani ina: iyo imafuna kufiira kofanana paliponse, apo ayi mbali ina itseka, ina ipumira.

Bulasi amafuna ulemu woposa kopa. Uyu wa 70 ndi 30 amayamba kusungunuka atangodutsa madigiri 900, ndipo zinki wa m'kati mwake amawira pa 907. Mukaona utsi woyera ukufuka, ndi kafumbi koyera kakumera m'mbali, dziwani kuti zinki akuthawa ndipo chitsulo mwachiononga. Utsi umenewo si woupuma. Owotcherera mapaipi a galavanaizi amaudziwa: usiku thupi limaphwanya, kuzizidwa, mutu, munthu n'kumayesa malungo. Pa aluminiyamu, poti safiira asanasungunuke pa madigiri 660, ndimapakapo sopo wochapira. Sopo akada bii, chotsani pamoto.

Pali nkhani ina ya makoko imene bwana wa ku Limpopo uja ankaikonda, ndipo imatikhudza kuno kuposa mmene iye ankaganizira. M'zaka za m'ma 1800 asilikali a Britain ku India ankati nyengo ya mvula ikafika, nkhondo zitaima, amasunga zipolopolo m'makola a mahatchi. Mvula ikatha ankapeza makoko ambiri atang'ambika okha m'khosi, popanda wowaombera. Kwa nthawi yaitali ankangoti ndi matenda a nyengo. Chifukwa chake chinafotokozedwa bwino mu 1921: mkodzo wa mahatchi umatulutsa amoniya, ndipo amoniya akakumana ndi chinyezi pa bulasi amene watsala ndi kukokana m'kati chifukwa cha kufinyidwa ku fakitale, ming'alu imayamba yokha. Mankhwala ake anali omwewa, kuwotcha khosi pang'ono kuti kukokanako kuchoke.

Tsono taganizani za nyumba zathu. M'chipinda chimodzi muli thumba la feteleza wa urea lotsegula, mbuzi zikugona khoma lomwelo, ndipo pakona pali sipuleya yopopera thonje yokhala ndi mkono ndi nozo za bulasi. Chinyezi cha Januwale ndi Febuluwale m'chigwa muno mukuchidziwa, zovala siziuma. Alimi a thonje amabwera ndi nati ya sipuleya itang'ambika kuchokera pamwamba mpaka pansi, akulumbira kuti sanaigwetse, ena mpaka kuloza ana. Ndikafunsa kumene amaisunga, kawirikawiri yankho limakhala la kukhola kapena pafupi ndi feteleza. Si nthawi zonse, poti nati zina zimafa ndi sipanala ya munthu wamphamvu, koma mng'alu wa amoniya umadziwika: chitsulo sichinapindike paliponse, changotseguka, ndipo nthawi zina m'mbali mwake muli kamtundu kobiriwira. Ngakhale mankhwala ena opukutira mkuwa kuti uziwala ali ndi amoniya, n'chifukwa chake mlenje uja sankawalola kufika pa makoko ake.

Za kudzaza zipolopolo zenizenizo, kuno si Limpopo. Mfuti ndi zipolopolo ku Malawi zimafuna chilolezo cha boma, ndipo kupezeka nazo popanda pepala ndi mlandu wa kundende. Ine sindigwira ntchito imeneyo, ndipo zida zake ndilibe. Koma makoko enieniwo amapezeka ndithu. Nkhondo ya ku Mozambique inatha mu 1992, ndipo ife amene tinakulira kufupi ndi malire, nthawi imene Nsanje inadzaza ndi othawa nkhondo, tinkaona ana akuimba malikhweru ndi makoko otola. Mpaka lero wina akamalima kapena madzi osefukira akakokolola nthaka, zimatuluka. Anyamata ogula sikirapu amabwera nazo kudzafunsa ngati ndi bulasi. Ndimangotenga maginito a sipika yakale: makoko ambiri a AK-47 ndi achitsulo chongopakidwa vanishi kapena kopa pamwamba, ndipo amadumphira ku maginito. Chimene ndimakana ndi kuika pamoto kanthu kalikonse kamene sindikuona kuti n'kopanda kanthu m'kati. Chipolopolo chadzimbiri chimene chagona m'nthaka zaka 30 chimathabe kuphulika chikatenthedwa, ndipo ngakhale khoko looneka lopanda kanthu likhoza kukhala ndi kapu yake yoyatsira onga kumunsi isanaphulike. Zoterozo n'zokauza amfumu ndi apolisi, osati zoponya m'ng'anjo yosungunulira mapoto.

Chilimwe chathachi kunabwera bambo wina wachikulire wochokera kufupi ndi dambo la Elephant Marsh, atanyamula pampu ya petulo pa njinga. Titamaliza kukambirana za pampuyo anandikokera pambali, n'kutulutsa m'thumba makoko awiri ofiira a mfuti ya shotigani.

"Amisiri, ndamva kuti munaphunzira za izi ku Joni. Mvuu zandithera chimanga kudimba. Simungandidzazireko?"

"Pepani bambo, zimenezo ayi. Ndipo onani kuno."

Ndinayandikitsa maginito, tsinde lachikasu la khokolo n'kumata, phaa. Anadabwa, poti ankayesa kuti ndi mkuwa weniweni, pamene ndi chitsulo chopakidwa, thunthu lake pulasitiki. Ndinawauza kuti mvuu si nyama yoiputa ndi kamfuti kotero. Ikavulala imasanduka chilombo cholusa kwa aliyense wopalasa bwato kapena wokatunga madzi, ndipo mlandu wake ndi wina pamwamba pa wa zipolopolo. Nkhani ya mvuu ndi yokadandaula kwa a zanyama zakutchire kudzera kwa amfumu. Anang'ung'udza kuti njira imeneyo ndi yaitali pamene chimanga chikutha usiku uliwonse, ndipo pamenepo sindikanawatsutsa. Pampu yawo inkadontha petulo pansi pa kabuleta, ndiye tinawotcha kawasha kake iwo akuonerera, anandilipira ndi mulu wa mbatata ndi ndalama pang'ono, n'kumangirira pampu yawo pa njinga.